Mapini Pakamwa pa Amalume

9 Malichi

Mlongo wanga Wailesi,

Moni wa kuno ukupeze uli wamphamvu. Ife tadzuka. Alamu ako ali bwino, makina anga akadasokabe, ngakhale lamba wake wayamba kutsokomola ngati nkhalamba zako umazisamalira kunjako. Kalatayi ndalemba papepala monga mwa masiku onse, alamu ako aijambula ndi foni n'kukutumizira. Usayambe zako zija zoti "achimwene bwanji osangoimba?" Ine ndi foni tinadana kalekale. Ndikati ndinene moni, chibwibwi chimandigwira pakhomo penipeni pa mawu, mayunitsi n'kutha ndisanalowe m'nyumba. Papepala pokha ndi pomwe ndimathamanga kuposa iwe.

Nkhani ndi ya mwana wako. Usadzidzimuke, Katsabola sakudwala. Akudya, akukula, nsapato unatumiza zija zamuthina kale. Koma kuyambira mwezi watha mawu ayamba kumukakamira. Poyamba zinali za apo ndi apo, tinkati n'kuthamanga kwa lilime, poti mwanayu anatengera pakamwa pako. Lachiwiri lapitali ali pansi pa tebulo langa lodulira nsalu, pomwe amasungira chitini chake cha mabatani, anafuna kundipempha batani lofiira. Anati "ba-ba-ba-ba", anatsinzina, mitsempha ya m'khosi inatuluka, kenako anangoloza ndi chala. Ndinadziona ndekha ndili ndi zaka zisanu. Mtima unandiwawa kwambiri, sindikubisa.

Aphunzitsi ake akusukulu ya mkaka akuti anzake ayamba kumuyeseza. Iwe ukudziwa mmene zimenezo zimathera. Unali pomwepo masiku aja, ukundiyankhulira kusitolo ndi m'kalasi mpaka anthu anakutcha Wailesi.

Sitinakhale manja lende. Tinapita naye kuchipatala chachikulu, tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo. Anamuyeza makutu, ali bwinobwino. Akuti alipo mayi mmodzi yekha wothandiza ana a vuto la kuyankhula, ndipo mzere wake wafika Okutobala. Atilemba m'buku. Pobwerera tinadzera kuchipatala cholipira chija cha zitseko zagalasi. Mlembi atatchula mtengo wa theka la ola ndinaseka, iye n'kumaganiza kuti wanena nthabwala. Theka la ola limodzi ndi madiresi asanu ndi limodzi osoka ine, ndipo akufuna mwana azipita sabata iliyonse.

Sindikupempha ndalama, ndikupempha nzeru. Kumeneko mumadziwa za pa intaneti. Tafufuza, mwina pali chithandizo choti anthu ngati ife tingachifikire. Okutobala ali kutali, ndipo mwana wa zaka zisanu sachedwa kuphunzira kuti kukhala chete sikusekedwa. Chimene ndikuopa ine n'chimenecho.

Utiuze za thanzi lako. Kodi bondo lija linasiya?

Ndine mlongo wako,
Telala wa pakhonde

17 Malichi

Achimwene okondedwa,

Kalata yanu ndinaiwerengera m'basi popita kuntchito, mpaka ndinapitirira masiteji awiri. Zikomo kuti simunandibisire. Lamlungu lija ndinkazimva pafoni, koma ndinkadzinamiza kuti ndi netiweki ikudula mawu. Moni kwa alamu. Ine ndili bwino, bondo likuyesera. Nkhalamba zanga nazo zilipo, ina ya chipinda chakumapeto yandibisira mano ake oikirira kawiri sabata ino.

Nthawi yopuma yonse ndakhala ndikufufuza. Pa intaneti ndi pamsika, achimwene, aliyense akuitanira malonda ake. Wina akugulitsa madzi a m'botolo, akuti mwana akamwa chibwibwi chimatha masiku atatu. Ndamusiya ndi madzi akewo. Pali kapulogalamu ka pafoni ka kanyani kovala chipewa, kaulere mwezi woyamba, koma kamayankhula chizungu cha m'mphuno choti ngakhale ine chimandidutsa. Akatswiri a kuno alipo, koma mtengo wawo ungadye theka la malipiro anga, ndipo nthawi yomwe iwo amatsegula, inu mumakhala mukutseka.

Koma Mulungu sagona. Mnzanga wa kuntchito wandilozera mayi wina wa kwathu konko, wophunzira bwino ntchito imeneyi, amene amaona ana pa vidiyo. Amayankhula chiyankhulo chathu. Ndi theka la ola Lachinayi lililonse, ndipo mtengo wake ndiukwanitsa ndikamagwira Loweruka limodzi lowonjezera pamwezi. Ndayankhula naye ndekha. Sanandilonjeze zozizwitsa, n'chifukwa chake ndamukhulupirira. Akuti iye ndi woyatsa moto chabe, osonkhezera ndi a pakhomo. Pakufunika munthu wamkulu mmodzi woti azikhala ndi mwana tsiku ndi tsiku, kuchita naye zimene iye aziphunzitsa. Ndamuuza kuti munthuyo alipo, ndi amalume ake, amene amakhala naye kuyambira akaweruka mpaka madzulo, ndipo amamvana ngati singano ndi ulusi.

Pali chimodzi ndalakwitsa. Ndinawauza azakhali ake, achemwali a malemu bambo ake aja. Nthawi yomweyo akuti mwana apite kukakhala kwa iwo, akuti kwawo kuli sukulu zabwino ndi zipatala pafupi. Ndawakanira. Mwana wanga ali pamalo pake. Koma mukuwadziwa mmene alili, tsiku lina angotulukira.

Mumupsompsone Katsabola wanga. Mundilembere Lachinayi loyamba likadutsa.

Ine mlongo wanu

3 Epulo

Mlongo wanga,

Moni. Tonse tilipo. Pepa ndachedwa kuyankha.

Azakhali anatulukiradi Loweruka lina. Anaima pakhonde, anayang'ana mwana pansi pa tebulo, anayang'ana ine, ananena zawo, n'kundisiyira siketi yoti ndichepetse m'chiuno. Siketiyo ndachepetsa.

Mayi wa pafoni waonana ndi mwana kawiri tsopano. Netiweki m'nyumba muno ili ndi mpando wake, imakhala pazenera la kuchipinda basi. Ndiye foni timaitsamiritsa ku chitini cha shuga pazenera pomwepo, mwana n'kukhala pa mpando wokwezedwa ndi mapilo awiri. Alamu ako anapempha kusitolo ya mankhwala komwe amagwira kuti Lachinayi aziweruka msanga. Tsiku loyamba anamuveka mwana diresi la kutchalitchi, anamudzoza mafuta mpaka kuwala, ngati kukubwera alendo ochokera ku boma. Mayi uja akuti anangoseka, n'kunena kuti ulendo wina abwere ndi fumbi lake lomwe.

Akuti anamufunsa Katsabola chomwe amakonda kusewera nacho. Mwana anathamanga kukatenga chitini cha mabatani. Anawandandalika pazenera: lakuda lalikulu la pajasi ndi adalaivala a basi, ting'onoting'ono ta pamalaya ndi okwera, lofiira lija ndi mayi wina amene amakana kulipira. Anakakamira pa mawu angapo, koma nkhani anaimaliza.

Malamulo amene watipatsa ndawalemba ndi choko pakhoma. Osamumalizira mawu. Osamuuza kuti "puma kaye" kapena "yankhula bwino". Akakakamira, osayang'ana kumbali, kumuyang'ana m'maso n'kudikira. Ndipo tsiku lililonse mphindi khumi zosewera naye, mwana azitsogolera, wamkulu aziyankhula modekha, osamupanikiza ndi mafunso. Basi. Palibe jekeseni, palibe mapilitsi. Alamu ako anafunsa ngati ndalama zako zikugula kudikira kokha, mayi uja anati inde, ndipo ndi katundu wosowa m'nyumba zambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ine pazenerapo sindinakhalepo. Zonsezi ndikukuuza zomva kwa alamu ako. Sukulu ina yandipatsa mayunifolomu makumi anayi, ndiye masiku ano mapini sakuchoka pakamwa panga. Alamu ako ndiwo azikhala naye. Ndi bwino choncho, iwo lilime lawo n'lowongoka.

Usadandaule, mwana akusamalidwa.

Mlongo wako

8 Meyi

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa cha ulemu, koma mtima wanga suli pamalo. Mwezi wathunthu osandilembera. Ndikaimba, alamu amati muli pa makina.

Mayi wa pafoni wanditumizira uthenga dzulo. Akuti mwana sajomba, amabwera pa nthawi yake. Koma mphindi khumi zija zikuchitika mwa apo ndi apo, chifukwa alamu amafika dzuwa litalowa, mwana atatopa, iwonso miyendo itatupa ndi kuima tsiku lonse. Sindikuwaimba mlandu. Akuti amalume aja ndinawatamanda aja sanawaonepo ngakhale chipumi. Ndipo akuti chomwe chikumudetsa nkhawa si chibwibwi, koma kuti mwana wayamba kuchepetsa mawu. Masabata oyamba ankafotokoza nkhani ya basi yonse. Pano akumangoyankha "inde" ndi "ayi".

Ndaziona ndekha Lamlungu. Ndinamufunsa za mabatani ake, anangokweza mapewa. Mwana amene tinamutcha Katsabola chifukwa cha pakamwa pake, lero akundiyankha ndi mapewa!

Mayunifolomu amenewo ndi a gulu la asilikali kodi, osatha mwezi wonse? Mphindi khumi, achimwene. Madzi a tiyi amatenga nthawi yoposa pamenepo kuti awire. Ine kuno ndikusambitsa makolo a anthu ena, Loweruka lomwe, kuti mwana wanga apeze chithandizo, ndipo munthu amene akudziwa ululu umenewu kuposa tonsefe ndiye wasowa nthawi. Inu ndi amene munandilembera kuti mukuopa kuti adzakhala chete. Ndiye taonani wakhala chete, inu muli pompo.

Ngati mwatopa naye, nenani. Kulera mwana wa wina n'kolemetsa, ndikudziwa, zaka zinayi si masewera. Azakhali akundiimbira sabata iliyonse. Sukulu ikatsekera mu Julayi zinthu zili chomwechi, ndiwavomera.

Mundiyankhe.

Mlongo wanu

11 Meyi

Mlongo wanga,

Moni. Kalata yako ndaiwerenga. Sindikutsutsa chilichonse.

Mwina kwa azakhali n'kumene angathandizike. Kumeneko anthu onse amayankhula bwino. Foni angapite nayo, mayi uja azimuonera komweko.

Ndayamba kumusokera madiresi awiri a paulendo, lina lobiriwira, lina la timaluwa. Ndasiya mipendero yaikulu kuti akamakula azingomasula.

Mlongo wako

12 Meyi

Achimwene,

Ndiye kuti madiresi nthawi yake mwaipeza.

Ndinkayembekeza kuti mundikalipira, mundiuza kuti mwana sapita kulikonse. M'malo mwake mwamuyeza kale ndi tepi. Ndamva. Zikomo chifukwa cha zaka zinayi. Ndiwauza azakhali akonze pogona.

Sindikudziwa kuti ndinakulakwirani chiyani.

2 Juni

Alamu,

Moni wochuluka. Ndine mlamu wanu, ulendo uno ndalemba ndekha. Ine si wa makalata ngati achimwene anu, mundikhululukire ndikapotoza. Iwo sakudziwa kuti ndikulemba. Ndakhala ndikujambula makalata anu awiriwa n'kumatumiza, ndikuona abale akudulana ndi sizasi popanda chifukwa, ndiye zandikwana.

Achimwene anu sanatope ndi mwana. Tsiku lija azakhali anabwera, ine ndinalipo, ndinkayanika zovala. Ananena pamaso pa makasitomala awiri kuti, "Mwana amatola zimene akumva. Tsiku lonse amakhala pansi pa tebulo la munthu wachibwibwi, mumati atola chiyani? Bambo inu mukumuthira mwanayu chibwibwi m'makutu." Achimwene anu anayesa kuyankha, mawu anakana. Azakhali anati, "Mwaonatu," n'kutulutsa siketi.

Kuyambira tsiku limenelo sanayankhulenso pamaso pa mwana. Mayunifolomu analipodi, koma anatha pa masabata awiri. Chimene amachita n'chakuti akangomva mapazi a Katsabola akubwera kuchokera kusukulu, amatenga mapini atatu n'kuika pakamwa. Mwana akafunsa kanthu, iwo amaloza mapiniwo, n'kuyankha ndi mutu. Kale ankaimba limodzi makina akulira, poti mukudziwa akamaimba chibwibwi chimawasiya. Nyimbo nazo zinatha. Lamlungu lina ndinawapeza ndi mapini pakamwa, m'manja mulibe nsalu, akuthirira maluwa. Ndinawafunsa, anandilembera pa kapepala kuti ndisakuuzeni, akuti mungasweke mtima kumva kuti mlongo wanu ndiye wawononga mwana wanu. Ndinamvera. Ndinalakwa.

Lachisanu lapitali magetsi anazima kusitolo, anatiwerutsa masana. Ndinafika pakhonde mwakachetechete. Iwo ali pa makina, mapini pakamwa. Nditawerama kuti ndipatse mwana moni, ndinamupeza pansi pa tebulo atakhala mwakachetechete, chitini chili chotseka, mapini awiri ali pakati pa milomo yake. Sindinakuwe, ndinaopa kuti angadzidzimuke n'kumeza. Ndinagwada, ndinachotsa imodzi, kenako inayo.

Ndinamufunsa kuti, "Bwanji mwanawe?"

Anati, "A-a-amalume akaika mapini sachita chi-chibwibwi. Inenso."

Ndinamukumbatira. Ali pachifuwa panga anafunsanso kuti, "Anti, ndi-ndikasiya kuyankhula zoipa, amalume adzayambanso kundiyankhula?"

Makina anali ataima. Achimwene anu anamva zonse. Ndakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri, sindinawaonepo akulira, koma tsiku limenelo anakaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali, atabwera maso ali ofiira. Mapini onse anawatsekera m'dirowa. Ndinkati basi zatha. Koma ayi, pano akuti umenewu ndi umboni wakuti mwana amatengera chilichonse kwa iwo, ndiye achoke msanga asanavulale. Akangoweruka Katsabola, iwo amapeza chifukwa chopitira kukagula ulusi. M'nyumba muno muli ulusi wokwana kusoka tauni yonse.

Ine ndayankhula mpaka malovu kuuma, sakundimva. Akuti ndikungowatonthoza chifukwa ndine mkazi wawo. Inu mwina akumverani. Madiresi aja anatha, ali m'sutikesi. Ndawaona kawiri akutsegula sutikesiyo n'kuitsekanso.

Mwanayu sindinamubale, koma akachoka m'nyumba muno sindikudziwa kuti ndizidzukira chiyani.

Ndine mlamu wanu

4 Juni

Achimwene anga,

Moni. Musawakwiyire alamu. Akanakhala pafupi ndikanawagwadira.

Pepani. Ndinakulasani ndi mawu muli kale ndi bala. Ndawerenga kalata yawo katatu m'chipinda chosungira matawulo kuntchito, ndalira mpaka mnzanga anaganiza kuti kwagwa maliro.

Ndamufunsa mayi wa pafoni mosapita m'mbali: kodi mwana angatenge chibwibwi pomva munthu wachibwibwi? Wandiyankha kuti ayi. Akuti chibwibwi si chimfine, sichilowera m'khutu. Akuti nthawi zambiri chimayenda m'magazi a banja, ngati msinkhu kapena mpata wa mano. Ndiye tamverani. Ngati ndi magazi, mwanayu munabala ndinu? Anabala ndine. Magazi anu ndi anga ndi amodzi. Mwaiwala bambo athu aang'ono aja, amene ankamenya phazi pansi kuti mawu atuluke? Kodi inu munakhalapo pansi pa tebulo lawo? Azakhali akafuna wolakwa ayambe ndi ine.

Pali china chimene chandisowetsa mtendere. Lamulo loyamba pakhoma panupo likuti osamumalizira mawu. Ine ndinakumalizirani mawu zaka makumi awiri. Kusitolo, kusukulu, ngakhale tsiku lomwe munkafunsira alamu, ndinayankhula ndine. Ndinkati ndikukuthandizani, ndipo dzina la Wailesi ndinkalinyadira. Sindinakudikireni ngakhale kamodzi. Mwina ndine ndinayamba kukuphunzitsani kuti mawu anu ndi ovutitsa anthu. Azakhali angomaliza ntchito yomwe ndinaiyamba ine.

Munanena nokha mu Malichi kuti chomwe mukuopa n'kuti mwana angaphunzire kukhala chete. Waphunziradi, ndipo mphunzitsi wake amamukonda kuposa wina aliyense. Chibwibwi sanatole kwa inu. Watola mapini.

Za azakhali sindinawayankhe komaliza. Zili m'manja mwanu. Mwana sindingamusiye m'nyumba momwe amalume ake amamuthawa, koma sindikufuna apite. Ndikupempha chinthu chimodzi. Lachinayi likubwerali mukhale pazenera paja pambali pake. Mayi uja mumupatse moni nokha, ndi pakamwa panu. Zitenge nthawi yomwe zingatenge, theka la olalo ndi lathu.

Ndine mlongo wanu wolongolola uja

23 Juni

Mlongo wanga Wailesi,

Moni ukufike. Alamu ako ndawakhululukira, ngakhale ndawauza kuti kuyambira lero ndizimata makalata anga ndi guluu ndisanawapatse kuti ajambule.

Lachinayi lija ndinakhala pazenera. Ndisakunamize, ndinatuluka thukuta ngati ndasenza makina kukwera nawo phiri. Mayi uja ataonekera ndinaona kuti ndi wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira, magalasi ake aakulu, kumbuyo kwake kukulira mwana wakhanda. Anati, "Amenewa ndiye amalume otchuka aja?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene moni. Moniwo unakana. Milomo inamatana, nsagwada zinanjenjemera, maso anga anafuna kuthawira kudenga. Ndinkadikira kuti wina andimalizire, monga mwa masiku onse. Palibe anamaliza. Mayi uja anangondiyang'ana, osaphethira mwachifundo, osayang'ana wotchi. Kenako ndinamva kadzanja pabondo panga. Katsabola anangondigwira, n'kumandiyang'ana m'maso monga mmene alamu ako amachitira kwa iye. Moni uja unatuluka. Unatuluka wopindika, koma unatuluka.

Ndinamufunsa ndekha mayiyo funso lomwe unamufunsa iwe. Linanditengera nthawi. Anandiyankha chimodzimodzi, n'kuwonjezera kuti iye angamuphunzitse mwana njira zofewetsera mawu, koma pali phunziro limodzi lomwe sangathe: kumuonetsa munthu wamkulu amene amakakamira, osachita manyazi, n'kunena zomwe amafuna kunena mpaka kumapeto. Akuti limenelo m'nyumba muno angaphunzitse ndine ndekha. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndakhala ndi chibwibwi, sindinamvepo kuti chili ndi ntchito.

Titatseka foni ndinamuuza mwana kuti sanayankhulepo zoipa, kuti wolakwa ndinali ine. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati basi ingayambenso kuyenda. Ana sasunga mlandu ngati ife.

Tsopano ikakwana folo koloko ndimavundikira makina, ngakhale kasitomala akhale ndi ukwati mawa. Ndimalowa pansi pa tebulo, msana ukudandaula, n'kukhala kondakitala. Mayi wa batani lofiira uja mpaka pano sanalipire. Usaganize kuti chibwibwi chatha. Masiku ena mawu amayenda, masiku ena amakakamira pa chiganizo chilichonse, ndipo mayi uja akuti n'mmene zimakhalira. Dzina lathu m'buku la Okutobala tisalifufute. Koma mwana akuyankhula, mlongo wanga. Dzulo alamu ako anachita kumupempha kuti apume kaye adye, kenako anadzigwira pakamwa pokumbukira lamulo. Mapini pano amakhala pa kapilo kapamkono komwe tinasoka limodzi, iye ndiye anaikamo zidutswa za nsalu.

Loweruka azakhali anabwera ndi siketi ina, n'kufunsa tsiku lodzatenga mwana. Alamu ako anatsegula pakamwa, ndinawakwezera dzanja. Ndinaimirira. Ndinati, "Mwanayu sa-sa-sa..." Azakhali anati, "Sakupeza bwino, ndikudziwa, n'chifukwa chake ndabwera." Ndinayambanso, "Sa-sa..." Anati, "Sanalongedze? Ndidikira." Pamenepo pansi pa tebulo panatuluka kamutu.

"A-a-azakhali, dikirani. Sanamalize."

Azakhali anatseka pakamwa, mwina koyamba chibadwire. Ndipo ndinamaliza: "Sapita." Mawu amodzi okha, koma ndinawasoka ndekha kuyambira kukolala mpaka kumpendero. Siketi yawo ndailandira, ndiichepetsa bwinobwino, si ine wosunga chakukhosi.

Diresi lobiriwira lija wavala lero kusukulu. Ngati ukuvomereza, sutikesi ndiibwezere pamwamba pa kabati.

Lamlungu ukaimba, ukatha kuyankhula ndi mwana usadule. Ugule mayunitsi ambiri.

Ndine mlongo wako,
Kondakitala

28 Juni

Achimwene,

Moni. Sutikesi ibwerere pamwamba pa kabati. Azakhali ndawauza, adandaula, adzazolowera.

Zaka zinayi ndinali ndisanamve mawu anu. Dzulo mutayamba kundifunsa za bondo, ndinadziwa pomwe mukupita mutangotchula chiyambi chake. Mawuwo anafika pa nsonga ya lilime langa, anafuna kudumpha monga kale. Ndinaluma chala. Chikupwetekabe mpaka pano. Mutamaliza ndinapeza kuti simumafunsa za bondo ayi, mumafunsa kuti ndibwera liti. Zaka zonsezi ndinkati ndimadziwa zimene mukufuna kunena.

Ndapempha tchuthi cha Disembala. Mumuuze Katsabola andisungire mpando m'basi.

Kalata iyi musaiyankhe ndi cholembera. Imbani. Ndidikira.

Mlongo wanu